Ng'ombe ya Maliro ndi Mwala wa Apongozi Anga

Kabushi, Ogasiti wa chaka chatha

Tisa ndi Mabvuto, ana anga, munandipempha kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Mutu uno ndiuyambira kumapeto, pabwalo lathu la ku Kabushi, chifukwa zimene ndinaphunzira kumgodi ndili mnyamata zinadzandipeza pamenepo ndili ndi imvi. Mukudziwa kuti Juni ndi Julaye ine sindigwira sipanala. Nyamakazi imandiumitsa zala, chitsulo chimazizira mpaka kuluma, ndiye ndimangokhala pakhonde kuwotha dzuwa. Koma Ogasiti akamatha, mphepo ikayamba kuthamangitsa mapepala m'misewu, mtengo wathu wa mango ukachita maluwa, zala zimamasuka ndipo m'mutu mumadzaza mafunso. Tsoka lake mafunsowo amabwera onse tsiku limodzi. Ndimadzuka ndikufuna kudziwa chimene chikumwetsa madzi injini ya pikapu. Ndisanamalize tiyi ndayamba kudabwa ndi njinga yamoto imene imalira bwino ikazizira n'kuzima ikatentha. Pofika masana mundipeza ndagona pansi pa kaminibasi.

Chaka chatha pabwalo panali pikapu pansi pa mango, kaminibasi pa njerwa, njinga yamoto ndi kompresa m'shedi, zonse zotsegulidwa mimba. Batire linali limodzi, ndipo linkayenda ngati wansembe wa kumidzi, sabata ino kuno, sabata yamawa uko. Palibe ngakhale chimodzi chimene chinkatuluka pageti.

M'shedimo munalinso chinthu china chimene sichinali changa: mwala wakuda wonyezimira, wa pachiliza cha agogo anu aakazi, amayi a amayi anu, amene anagona kumudzi ku Katete. Amayi anu anausemetsa konkuno ku Ndola, ndipo tsiku limene unafika ine ndinalankhula mawu aakulu. Ndinati mwala wa apongozi anga sungakwere basi ngati thumba la makala, ndidzaunyamula ndekha pa pikapu ikangotha. Iwe Mabvuto unanenapo zoutumiza pa lole yopita ku Chipata, koma amayi ako anakana, chifukwa wa anansi athu unafika uli zidutswa ziwiri atausamutsa ku Lusaka. Iwo ankafuna kuyenda nawo, kuutsitsa ndi maso awo. Choncho mwala unatsamira khoma la shedi, utafunda bulangeti, chilimwe chikubwera n'kupita.

Tsiku lina m'mawa amayi anu anabwera pansi pa mango, foni ili m'manja. Ine n'kuti mutu uli mu injini.

"Bashi Tisa, a Malita atuma foni," anatero, kundiitana bambo a Tisa mwa Chibemba cha kuno, monga inenso ndimawaitana bana Tisa, mayi a Tisa. A Malita ndi akulu awo, amene anatsala kumudzi. "Akuti chiliza ni October, mvula ikalibe kubwera. Mwala ukafika, bwino. Ukapanda kufika, bazamanga cha simenti, sibazalindila futi."

"Motoka yatsala pang'ono, bana Tisa."

"Inatsala pang'ono chaka chatha. Na chaka chinzake." Anayang'ana kushedi. "Sinifuna kuti kumudzi bazikamba kuti mwana wa kutauni anagulira amake mwala wosungira mu garage. Nikalephera apa, sinizapondako futi ku Katete. Nizayang'ana bwanji a Malita?"

Sanakweze mawu, ndipo chimenecho n'chimene chinandiopsa. Ndakhala nawo zaka zambiri, ndimadziwa kuti akamakalipa nkhani imatha madzulo, koma akalankhula motsitsa ndiye kuti afika pamapeto.

Kitwe, zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali m'galaja ya magalimoto a kumgodi ku Kitwe. Ndinkakhala kwa amalume ku Buchi, ndipo ndinali nditangomaliza sukulu ya zamanja, ovolosi ikadali ndi mizere ya m'sitolo. Kapitawo wathu anali a Mwansa, Mbemba wamfupi wa mawu aakulu, amene pensulo sinkachoka kukhutu kwawo. Atamva kuti ndine wa kum'mawa anasangalala ngati apeza chuma. Inu obadwira kuno mukuchidziwa chimbuya, chibale chanthabwala cha ife ndi Abemba: timanyozana mosapsa mtima, koma maliro akagwa kwa wina, mnzake ndiye amakumba, kuphika ndi kunyamula. A Mwansa anayamba pomwepo. "Mwandibweretsera wodya mbewa," anatero pamaso pa onse. Ndinayankha kuti bola mbewa kusiyana ndi nyani, galaja yonse inaseka, ndipo kuyambira tsikulo anandiyika pafupi ndi iwo.

Sabata yoyamba isanathe ananditulukira matenda anga. Anandituma kukasintha lamba wa fani pa lole ina. Ndili pomwepo ndinamva kaphokoso mu pampu ya madzi, ndinaimasula kuti ndione. Nditaona chimene chinkalira, maso anagwera pa jenereta ya mnzanga imene inali pabenchi. A Mwansa anandipeza ndili pa jeneretayo, pampu ili mbwee pansi, lamba akadali m'pepala lake.

"Mwaice, isa kuno," anatero, kundiitana m'Chibemba ngati mwana. "Iwe uli na matenda yofuna kuziba. Ni matenda yabwino, makanika wopanda iyo ni wosintha matayala chabe. Koma iwe ukaziba chamene chavuta, njala yasila, wanyamuka. Motoka siyenda na kuziba kwako. Chamene watsegula, utseke. Uleumfwa?"

Ndinati ndamva. Kumva ndinamvadi, koma matendawo sanachoke, anangogona.

M'kona mwa galajamo munali tebulo la mwala wakuda, losalala kuposa galasi, lokhala ndi chivundikiro chathabwa. Munthu akayikapo kapu ya tiyi ankaona zakuda. Pamenepo m'pamene tinkayesera ngati chitsulo chili chowongoka. A Mwansa anandiphunzitsa kukonzerapo hedi, chivundikiro cholemera cha pamwamba pa injini, ikapindika pang'ono ndi kutentha. Unkamata sandipepa pamwalapo, kujambula mizere kunsi kwa hediyo, n'kumaikhuta uku ndi uku. Mizere ikafufutika yonse, ndiye kuti yawongoka. Ntchitoyo inali yotopetsa ndipo anzanga ankaithawa, koma ine inkandikoka, chifukwa ndinkafuna kuona mzere umene udzatsale pomaliza.

Kitwe, zaka za m'ma 1980

Izi ndi zaka zimene amayi anu ankafola pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira, Tisa ali kumsana. Kugalaja nako kunali chimodzimodzi. Ukapita kusitolo ya zipangizo, wa pawindo ankangokuonetsa mashelefu opanda kanthu. Tinkadula magasiketi pa makatoni, tinkawotcherera zinthu zimene kale tinkataya. Malole ankaima mmodzimmodzi kuseri kwa galaja, udzu n'kumera m'matayala.

Anyamata a shifiti ina anayamba kubudula apa ndi apo. Lole iyi aichotsa sitata, iyo aichotsa ladiyeta, ina aichotsa pampu ya dizilo, aliyense pofuna kudzutsa imene wapatsidwa. Mapeto ake malole onse anali olumala, ndipo palibe amene ankakumbukira kuti chakuti chinachokera kuti. A Mwansa anatisonkhanitsa atanyamula chitini cha penti yoyera. Anati kwawo maliro akakhala aakulu sadula mwendo wa ng'ombe iliyonse m'khola, amagwetsa imodzi, anthu onse n'kudya. Ndiye ifenso tizisankha lole imodzi, kuijambula mtanda pachitseko, ndipo aliyense wofuna chipangizo azikatenga pamenepo pokha mpaka itatha. Dzina lakuti ng'ombe ya maliro linayambira pamenepo, ndipo malole ena onse anadzuka.

Ng'ombe yoyamba itatha, anandiitana ine. Panali malole awiri. Ina inali ya injini yotopa koma thupi lolimba. Inayo injini yake ndinali nditaimanga ndekha chaka chomwecho, bawuti iliyonse ndinkaidziwa, koma tchesi yake, msana wachitsulo wa pansi, inali itang'aluka. Anandipatsa burashi. Ndinayesa kuzemba, ndinati mwina tingawotcherere, mwina tidikire mwezi wamawa.

"Sankha," anatero. "Uli na chifundo na zonse ziwiri, zizafa zonse ziwiri."

Ndinajambula mtanda pa imene ndinaimanga. Mtandawo unatuluka wopendekeka. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa, ndipo tsiku limene anyamata anaizula injiniyo ndinapempha ntchito ya kunja. Koma injini yanga inayenda zaka zambiri m'thupi la lole inzake, ndipo ndinkaizindikira kulira kwake ikamalowa pageti.

Ndola, kuyambira m'ma 1990 mpaka kupuma

Mgodi utayamba kuchepetsa anthu ndinapeza malo ku Ndola, pakampani ina yonyamula katundu, ndipo m'pamene tinasamukira ku Kabushi. Kumeneko kapitawo ndinali ine, ndipo ndinkalalikira mawu a a Mwansa kwa anyamata ngati ndi anga. Bwana wathu anali munthu wofatsa amene ankapepesa asanakuuze nkhani yoipa, ndipo m'zaka zomaliza ankapepesa pafupipafupi. Kampani itatsekedwa anagulitsa zonse, ine ndinatengapo pikapu ya dizilo imene inkanyamula zipangizo zathu. Inafika kunyumba ikuyenda yokha, muzikumbukira zimenezo, chifukwa amayi anu amakonda kunena kuti inabwera chokokedwa.

Chokokedwa chinali kaminibasi. A Mwansa atapuma anagula kaminibasi kamene kankayenda pakati pa Buchi ndi m'tauni, mpaka giyabokosi inatha, iwonso thupi linatha. Atadwala kwambiri ananditumira uthenga. Ndinawapeza atagona, ataonda, koma pakamwa pali pomwepo. "Wodya mbewa wabwera," anatero. Kenako analoza pawindo pamene panaima kaminibasi. "Bana banga sibaziba spanner. Tenga. Uzaona chochita." Pa maliro awo ife a kum'mawa ndife tinagwira ntchito, tinanyamula bokosi, tinawapaka ufa kumaso achibale awo monga mwa chimbuya, tikuseka misozi ikutsika. Patapita mwezi ndinakakoka kaminibasi kuja mpaka kuno.

Ndinatsimikiza mtima kuti ndidzakadzutsa, ndidzakapente, ndilembe dzina lawo kumbuyo. Pofuna kumva ngati injini yake ikulira, ndinabwereka sitata ya pikapu. Inalira bwino kwambiri. Nditadziwa zimenezo, ndinayamba kudabwa chifukwa chimene pikapu inkatenthera pachitunda, ndipo ndinabwereka mapaipi a kaminibasi. Pakati apo munthu wina anandipatsa njinga yamoto, wina kompresa. Popanda kapitawo wondiyang'ana, matenda aja anadzuka ndi mphamvu, ndipo pabwalo panga panafanana ndi kuseri kwa galaja ya ku Kitwe a Mwansa asanabwere ndi penti.

Kabushi, Seputembala

Amayi anu atalankhula motsitsa muja, ndinakankhira njinga yamoto ndi kompresa kukona, ndinazifunditsa lona kuti zisamandiyang'ane. Ndinatsegula injini ya pikapu mpaka pansi. Oyilo anali ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti madzi akulowa m'mene sayenera. Nditatsuka hedi ndi kuiyang'ana padzuwa, ndinaona kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi pakati pa mavavu awiri. Ndinakondwera, ndikuuzeni zoona, chifukwa funso la zaka zambiri linayankhidwa. Chimwemwecho chitatha ndinakhala pansi, popeza hedi yong'aluka pamenepo siwotchereka, ndipo ya mtundu wakale umenewo ndinaisaka m'mashopu a ku Ndola ndi ku Kitwe osaipeza.

Hedi ina inali pabwalo pomwepo. Kaminibasi ka a Mwansa ndi pikapu yanga zinali ndi injini za mtundu umodzi. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira kale, ndinkangoyang'ana kumbali. Kuchotsa hedi, pampu ndi ladiyeta kunali kukapha kotheratu, chifukwa pa msinkhu wanga sindikanadzapezanso zina. Masiku angapo ndinkangokazungulira, kutsegula chitseko, kukhala pampando wa dalaivala pamene panali dzenje la thupi lawo. Jakaranda wa kumsewu anali atayamba kuchita maluwa, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kuti maluwa amenewo akayamba kugwa, mitambo ili pafupi.

M'mawa wina ndinatenga penti yotsala ya pakhoma ndi kujambula mtanda pachitseko cha kaminibasi. Amayi anu anali akuyanika zovala.

"Manje mwachita chani? Si ya ba Mwansa iyo?"

"Ni ya ba Mwansa," ndinatero. "Koma Mubemba ndiye agwira nchito pa maliro ya ba kum'mawa. Chiliza cha amayi chifuna munthu wonyamula. Aleke kugona pa njerwa."

Anaseka pang'ono, koyamba m'masabata angapo, kenako anapitiriza kuyanika. Ine ndinalowa m'shedi kukafuna sipanala imene inali m'thumba mwanga, kuti asaone nkhope yanga.

Hedi ya a Mwansa inalibe mng'alu, koma nditaikapo lula yachitsulo ndi kuyang'ana kudzuwa, kuwala kunkadutsa pakati. Inali yopindika pang'ono. Ndinapita nayo kumashopu a makina opalira zitsulo, ndinapeza magetsi azima, mahedi a anthu ali pamzere mpaka pakhomo. Mwini wake anati magetsi akubwera maola ochepa, ndibwerenso mwezi wamawa ukamatha. Mwezi wamawa ukamatha chiliza chikanakhala chitamangidwa kale.

Madzulo a tsikulo ndikusuntha zinthu m'shedi, bulangeti la pamwala linagwa. Wosema uja anali atausalaza mbali zonse ziwiri, kutsogolo kwa malemba ndi kumbuyo komwe. Sindinaganize choipa chilichonse, ndinangofuna kudziwa. Ndinatenga lula ija ndi kuigoneka kumbuyo kwa mwalawo, choimirira, chopingasa, chamakona. Kuwala sikunadutse paliponse. Unali wowongoka ngati tebulo la a Mwansa lija.

Ndinadikira tsiku limene amayi anu amapita ku chitente, msonkhano wa akhristu a m'dera lathu. Atangotuluka ndinamangira tcheni chonyamulira injini kumtanda wa shedi, ndinautsitsa mwalawo pang'onopang'ono, malemba pansi, pamatayala awiri akale. Ndinamata sandipepa kumbuyo kwake, ndinajambula mizere pa hedi, ndinayamba kukhuta. Ndinali ndisanapite patali pamene kuwala kwa pakhomo kunatsekeka. Msonkhano unali utalephereka chifukwa cha maliro a kwa ena.

Amayi anu anaima pamenepo, korona ili m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana hedi, kenako anawerama kusuzumira kunsi.

"Bashi Tisa. Zina ya amayi banga mwaigoneka pa tayala?"

Ndinayamba kufotokoza za magetsi, za lula, za tebulo la ku Kitwe. Mawu anga ankamveka opusa ngakhale kwa ine ndemwe. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba. Ndinamva akukoka sutikesi ya pansi pa bedi, ndipo ndinati basi, apakira, akupita kwa Tisa ku Kawama, ndipo akhala akulondola. Ndinachita mantha ndi manyazi pamodzi, manja akuda bii ali lende.

Anatuluka atanyamula chitenje chimodzi chakale, chobiriwira, chimene ndinachizindikira. Chinali cha apongozi anga, chimene amayi anu anabwera nacho kuchokera kumaliro ndipo sanachivalepo.

"Nyamulani," anatero.

Ndinakoka tcheni, mwala unakwera. Anachotsa matayala aja ndi phazi, anakoka matiresi akale a pakona, anayala chitenjecho pamwamba pake mosamala, n'kuchisalaza ndi manja. Kenako anapukuta malemba ndi nsonga ya chitenje chawo, chilembo chimodzichimodzi, n'kundiuza kuti nditsitse. Nditatsitsa sanachoke. Analoza hedi ija.

"Iyi mizere ni ya chani?"

Ndinawauza kuti ikafufutika yonse ndiye kuti chitsulo chawongoka ndipo galimoto iyenda. Anafunsa ngati palibe njira ina October asanafike, ndinati palibe. Anati ndikhute aone. Ndinakhuta kangapo, iwo akuyang'ana atapendeketsa mutu.

"Mukankha na manja monga ni wilibala," anatero. "Ndiye chifukwa ikudya mbali imodzi. Amayi sibanali kupera so."

Anagwada mbali inayo, anamanga chitenje m'chiuno, anagwira hediyo ndi manja awiri. Anandiuza kuti pamphero, mwala woperera mawere, munthu sakankha ndi mikono, amatsamira ndi msana wonse, kupita mpaka kumapeto ndi kubwerera osathamanga. Anaphunzira ali mtsikana, atagwada pafupi ndi amayi awo. Ine zaka zonse zija kumgodi sindinaganizepo kuti ntchito ya pa tebulo la a Mwansa ndi kupera. Tinagwirizana kuti iwo azikankha ine ndizikoka, kenako tizisinthana, ndipo tinkatembenuza hediyo pakapita kanthawi.

Tinapera m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, masiku angapo. Mawondo ankadandaula, wina akafuna kudzuka ankagwira phewa la mnzake. Pakati pa ntchito amayi anu ankandisimbira za amayi awo zimene sindinazimvepo, mmene ankayimbira popera, mmene anakanira kukwera ngolo ya munthu chifukwa sanathandize kumanga ng'ombe. Nthawi ndi nthawi ankati, "Tembenuzani tione," ndipo tinkasuzumira limodzi ngati ana. Mizere ya m'mphepete inayamba kutha, ya pakati inakakamira. Iwo ndi amene anaona kuti womaliza wapita, ndipo anaomba m'manja mwakuda ndi fumbi lachitsulo. Titamatula sandipepa, pamwala panatsala chigamba chosawala pamene mchenga wake unkadya. Ndinati ndifunafuna mankhwala opukutira, iwo anati ndisiye.

Katete, Okutobala

Pikapu inalira pa kuyesa kwachiwiri, ndi sitata yake yomwe imene ndinaibweza kuchokera ku kaminibasi. Tinanyamuka mwala utagona pamatiresi kumbuyo, utakulungidwa m'chitenje chobiriwira chija. Njira yonse maso anga anali pa kasingano kosonyeza kutentha, makamaka m'mapiri a ku Luangwa, koma sikanasunthe. Amayi anu ankatembenuka pafupipafupi kuyang'ana pagalasi la kumbuyo, ndipo pa bampu iliyonse ankati, "Pepani amayi." Titafika, kum'mawa kunali kutayamba kuunjikana mitambo, ndipo matumba a simenti anali kale pakhonde la a Malita.

Mwala unaimikidwa, unadalitsidwa, nsalu inachotsedwa, anthu anaimba. Amayi anu analira kwambiri, koma kunali kulira kwa munthu amene watula katundu. Anthu atayamba kubwerera kumudzi, a Malita, amene maso awo saphonya kanthu, anazungulira kuseri kwa chiliza. Ndinawaona akuwerama, akusisita ndi chikhatho, kenako anaitana amayi anu.

"Velonika, tabwera. Apa bwanji sipakuwala? Anakunamizani osemawo?"

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Amayi anu anapita, anaika dzanja lawo pomwepo, pafupi ndi la akulu awo.

"Sanatinamize, achemwali. Mwawaiwala amayi? Sankakwera chinthu chimene sanagwirepo ntchito. Apa m'pamene anaperera ulendo wawo."

A Malita anatiyang'ana tonse awiri, anafuna kufunsanso, koma anangogwedeza mutu n'kunena kuti anthu a kumigodi mitu yawo imayenda mwina. Nkhani yonse anaimva madzulo ake, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Tinabwerera ku Kabushi mvula yoyamba ikutitsatira. Kaminibasi ka a Mwansa kakadali pa njerwa ndi mtanda wake, nkhuku za amayi anu zikuikiramo mazira, ndipo ndikamadutsa ndimakapatsa moni. Njinga yamoto sindinaipezebe chimene imazimira ikatentha, ndipo mango akangochitanso maluwa ndiyamba nayo, yokhayo, ndalonjeza. Inu mukadzapita ku Katete, mukawerenge dzina la agogo anu kutsogolo, kenako mukazungulire kuseri ndi kugwira ndi dzanja, mudzapapeza. Ndipo nthawi yanga ikadzakwana, musadzavutike ndi mawu ambiri pamwala wanga. Mudzangomuuza wosemayo kuti kumbuyo asalaze bwino, ayese ndi lula. Mwina mmodzi wa inu adzakhala ndi ulendo umene wakanika.